Sensa ikatha ntchito, poizoni wake satha

Makina opanga mpweya wa okosijeni, omwe anachuluka m'zipatala zathu nthawi ya Covid-19, amafunika kuyezedwa pafupipafupi. Mpweya womwe timapuma uli ndi okosijeni pafupifupi 21 peresenti, pomwe makina abwino amapereka woposa 90 peresenti. Akafooka amangolirabe monga mwa masiku onse, wodwala ali chigonere ndi tichubu m'mphuno, ndipo ndi maso simungadziwe kuti zinthu zasintha. Chomwe chimaulula ndi sensa, kachipangizo kokwana m'dzanja, kamene kamakhala m'zoyezera mpweya, m'maventileta ndi m'makina ogonetsera anthu pa opareshoni.

Kachipangizoka ndimakalemekeza chifukwa kapulumutsa ana ambiri odwala chibayo. Koma nkhawa yanga ili pa zomwe zili m'kati mwake, ndi komwe kamapita kakatha mphamvu.

Masensa ambiri a okosijeni ali ndi kachidutswa ka mtovu komizidwa m'madzi a mankhwala otchedwa potassium hydroxide. Okosijeni akamalowa, mtovu uja umadyeka pang'onopang'ono n'kutulutsa timagetsi tomwe timasanduka nambala yomwe namwino amawerenga. N'chifukwa chake sensa imatha pakapita chaka chimodzi kapena ziwiri, ngakhale itangokhala pashelefu, bola inatulutsidwa m'paketi yake.

Madzi aja ndi mbale wake wa chidulo chomwe amayi amacheza kuchokera ku phulusa pophika therere, koma ukali wake ndi wina. Akagwera pakhungu amaterera, ndipo kutererako ndi mafuta a khungu lanulo akusungunuka. Ululu umatha kuchedwa, munthu n'kuganiza kuti palibe kanthu, pomwe bala likulowa m'kati. Dontho limodzi m'diso likhoza kuchititsa khungu. Paokha madziwa sayaka, koma akakhudzana ndi aluminiyamu kapena zinki amatulutsa mpweya wa hydrogen womwe suchedwa kugwira moto. Tsono sensa yodontha siyenera kuponyedwa m'chitini chilichonse chomwe chili pafupi.

Masensa oyeza mpweya wakupha monga carbon monoxide wa mu utsi wa jenereta, kapena hydrogen sulphide wa m'maenje a zimbudzi, nthawi zambiri amakhala ndi asidi wa mtundu wa mu batire ya galimoto. Asidi ameneyu akasakanikirana ndi madzi a mu sensa ya okosijeni, zimatentha n'kuthovoka. Palinso masensa a mpweya woyaka, ngati methane wa m'migodi ya malasha. Ambiri a iwo ali ndi kamkanda kotenthedwa kufika madigiri pafupifupi 500, kobisidwa kuseri kwa kasefa ka chitsulo koletsa lawi kutuluka. Kasefako kakang'aluka, choyezera chomwecho chingayatse mpweya womwe chimayenera kuchenjeza.

Sensa yosindikizika bwino ilibe vuto kuigwira. Ngozi imabwera ikagwa n'kusweka, ikasiyidwa padzuwa, ikakalamba n'kuyamba kudontha, kapena wina akaitsegula ndi sikuludiraiva pofuna kuidzutsa chifukwa yatsopano kulibe. Mukaona timibulu toyera tauma m'mphepete mwake, dziwani kuti yadontha, ndipo musaigwire popanda magolovesi. Madziwo akakugwerani, vulani chovala chomwe chanyowa, tsukani ndi madzi ambiri oyenda kwa mphindi zosachepera 15, kenaka kaonaneni ndi dokotala. Musathirepo viniga kapena mandimu.

Ndiye mtovu. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'thupi womwe ukudziwika kuti ndi wosavulaza. Kwa mwana umawononga ubongo, ndipo zowonongekazo sizibwerera. Sensa ikaponyedwa m'ng'anjo yootchera zinyalala za kuchipatala, mtovu umakwera ndi utsi, wina n'kutsala m'phulusa. Ikapita ndi zinyalala wamba ikhoza kukafika kumtaya monga wa Mzedi ku Blantyre kapena wa Area 38 ku Lilongwe, komwe anthu, ena mwa iwo ana, amafukula ndi manja osavala kanthu posaka zitsulo zogulitsa.

Opanga masensa amalemba zonsezi pa chikalata cha chitetezo. Koma chikalatacho chimabwera m'Chingerezi cha akatswiri, ndipo amene amasesa mu wekishopu kapena kukoleza ng'anjo sachiona n'komwe. Iyeyo ndiye amagwira zinthuzi komaliza, ali wosauzidwa kanthu.

Izi sizifuna ndalama zambiri kuti zikonzeke. Chipatala, fakitale kapena mgodi uliwonse ukhale ndi ndowa zapulasitiki zotsekeka, ya masensa a okosijeni payokha, ya a asidi payokha, zolembedwa chenjezo m'Chichewa. Bungwe loteteza zachilengedwe la MEPA, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2017, linene momveka komwe ndowazo zizipita zikadzadza. Ogula zipangizo azifunsa masensa opanda mtovu, pakuti tsopano alipo. Ndipo aliyense wotigulitsa kapena kutipatsa makina mwaulere alembe pa mgwirizano kuti masensa otha ntchito adzawatenga. Mphatso yomwe imapulumutsa mwana m'wodi isamakavulaze mwana wina kumtaya.