Mankhwala a pa kompyuta asatigonetse tulo, tisamale omwe tili nawo

Alimi anzanga, nkhani yomwe ikusowetsa mtendere madokotala ndi ya mabakiteriya osamva mankhwala, ndipo ife oweta nkhuku ndi nkhumba ikutikhudza ndithu. Kafukufuku yemwe adatuluka m'magazini ya The Lancet m'chaka cha 2022 adapeza kuti mu 2019 mokha, anthu okwana 1.27 miliyoni adamwalira padziko lonse chifukwa cha tizirombo totere. Poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu, maiko a mu Africa kumwera kwa chipululu cha Sahara ndiwo adakhudzidwa kwambiri.

Akatswiri sadakhale manja lende. Maso awo ali pa mapepitaidi, omwe ndi timapuloteni ting'onoting'ono timene nyama ndi zomera zimadzitetezera nato kumatenda. Mu 1987, Michael Zasloff wa ku America adapeza ena mwa iwo pakhungu la chule wa kuno ku Africa. Ambiri amapha bakiteriya poboola khungu lake, kotero sichapafupi kuti kachiromboko kawazolowere.

Masiku ano ntchito yowapanga ikuyambira pa kompyuta. Mu 2018, akatswiri a ku Brazil ndi America adatenga pepitaidi ya m'njere za gwafa, ndipo kompyuta idasinthasintha kapangidwe kake mpaka kupeza ina yamphamvu yotchedwa guavanin 2, yomwe idachepetsa mabakiteriya pazilonda za mbewa. Mu 2021, akatswiri a kampani ya IBM adalengeza kuti apeza mapepitaidi awiri atsopano m'masiku 48 okha.

Iyi ndi nkhani yabwino, koma ine ngati mlangizi wa zaulimi ndikuti tisavinire pamenepa. Choyamba, kuyesa mankhwala pa mbewa ndi chiyambi chabe. Pamatenga zaka zambiri kuti avomerezedwe kuchipatala, ndipo kupanga mapepitaidi kumalira ndalama zankhaninkhani. Komanso ambiri mwa iwo amagayika m'mimba ngati chakudya, choncho si mankhwala oti mawa tidzangothira m'madzi a nkhuku.

Chachiwiri, nawonso angathe kufooka tikawaseweretsa. Mankhwala a colistin ndi a m'gulu la mapepitaidi ndipo madokotala amathawirako ena onse akalephera. Ku China alimi ankawasakaniza m'chakudya cha nkhumba kuti zikule msanga. Mu 2015 akatswiri adalengeza kuti apeza m'nkhumba za kumeneko mabakiteriya omwe samva colistin, omwenso amatha kupatsira anzawo mphamvuyo. Mu 2017 dzikolo lidaletsa mchitidwewu, monga momwe maiko a European Union adaletsera mankhwala onse otere okulitsira ziweto mu 2006.

Nanga ife kuno tikutani? Nkhuku ikangozyolika, ambiri timathamangira kusitolo kukagula oxytetracycline, ena kutsegula makapusozi a anthu ndi kuthira m'madzi. Chikhala chitopa, ndalamayo yapita m'madzi, chifukwa chitopa chimayamba ndi vairasi ndipo mankhwalawa sapha vairasi. Chomwe tachita ndi kuphunzitsa mabakiteriya a m'matumbo mwa nkhuku kupirira mankhwala. Mabakiteriyawo amatuluka m'zitosi, zitosi timathira kudimba, ndipo kudzera m'masamba, m'madzi ndi m'manja osasamba amafika m'mimba mwa mwana. Tsiku lomwe mwanayo adzadwale, jekeseni wa kuchipatala angathe kukhala ngati madzi.

Zoyenera kuchita sizilira kompyuta. Tetezani nkhuku ku chitopa ndi katemera wa I-2, uja wodontheza m'diso. Sesani m'khola, sinthani madzi tsiku ndi tsiku, ndipo chiweto chodwala kapena chogula kumene chipatuleni. Musanagule mankhwala, funsani alangizi a ziweto kuti adziwe matendawo. Akakulemberani, perekani mlingo wake ndi kumaliza masiku onse. Musagulitse mazira, mkaka kapena nyama masiku olembedwa papaketi asanakwane.

Boma nalo lionetsetse kuti mankhwalawa sakugulitsidwa ngati mchere pamsika, ndipo likhazikitsiretu lamulo loti mapepitaidi akadzafika asadzalowe m'chakudya cha ziweto. Akuluakulu adati fodya n'uyu ali pamphuno. Mankhwala omwe tili nawo lero ndiwo adzachize ana athu chaka chino ndi chamawa, ndiye tisawathere m'khola.