Sitampa yaposa chimbale mtengo

Kale wachibale wokhala ku Joni kapena ku Mangalande akayamba kupukwa kumudzi, mankhwala ake adali apafupi. Abale ankangomugulira kaseti ya Alleluya Band, kuikulunga bwinobwino, kumata masitampa n'kukasiya ku positi ofesi. Pakatha masabata angapo, mtokoma umakhala wafika.

Lero zinthu zatembenuka. Banja la pa Nsipe m'boma la Ntcheu lomwe likufuna kutumizira mwana wawo kunja chimbale cha kwaya ya kumpingo kwawo likhoza kupeza kuti ndalama yotumizira yaposa ndalama yomwe lagulira chimbalecho. Woimba yemwe wapeza munthu wofuna nyimbo zake ku Ulaya kapena ku America naye akukumana ndi chipsinjo chomwecho.

Ambiri amaloza chala positi ofesi ya kuno kwathu. Komatu nkhaniyi ili ndi mizu yake ku Geneva, ku Brussels, ku Washington komanso ku banki yathu yaikulu ya Reserve ku Lilongwe.

Tidachokera kutali

Nyimbo zakhala zikuyenda maulendo kuchokera kale. Amuna a m'boma la Ntcheu omwe ankapita kumigodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela ankabwerako ndi njinga, zibhakuwa, wailesi, galamafoni ndi mbale zake. Nyimbo zambiri za kummwera zidalowa m'midzi yathu kudzera m'masutikesi a anthu amenewa.

Ulendo wa ku Wenela udaima mu 1974 ndege yonyamula Amalawi ochokera kumigodi itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana. Udayambiranso mu 1977 pansi pa bungwe la Teba, n'kudzatheratu mu 1988.

Kenaka idafika nyengo ya makaseti. Anthu a pa Nsipe sadaonere patali nyengoyi chifukwa mtunda wochoka pamalopa kukafika ku Balaka, kuchimake kwa Alleluya Band, Paul Banda ndi mng'ono wake malemu Lucius Banda, ndi waufupi. M'zaka za m'ma 1990 ndi 2000 oimba ambiri ankagulitsa nyimbo zawo kudzera kwa O.G. Issa ku Limbe, komwe mavenda ankapikula makaseti n'kukawayala m'misika ya dziko lonse.

Nthawi imeneyo Amalawi okhala kunja ankadalira positi kapena munthu wapaulendo kuti amve chimbale chatsopano. Nako kunja kudali anthu otulutsa nyimbo za kuno, monga kampani ya Pamtondo ya Dr John Lwanda ku Scotland yomwe idatulutsa nyimbo za malemu Allan Namoko.

Ndalama ya sitampa imapita kuti?

Munthu akalipira pakauntala ya bungwe la Malawi Posts Corporation (MPC), ndalamayo siikhala yonse ya bungweli. Gawo lina limalipira galimoto yonyamula matumba, lina limalipira kampani ya ndege, ndipo lina limapita kwa positi ofesi ya dziko lomwe phukusilo likupita chifukwa ndiyo imakalifikitsa pakhomo pa mwini wake.

Malamulo a kalipiridwe kameneka amapangidwa ndi bungwe la Universal Postal Union (UPU), lomwe lidakhazikitsidwa mu 1874 ndipo likulu lake lili ku Bern m'dziko la Switzerland. Kwa zaka zambiri maiko osauka ankalipira ndalama yocheperako potumiza timaphukusi kumaiko olemera.

Malonda a pa intaneti atakula, dziko la America lidayamba kudandaula kuti positi yake ikuluza ponyamula timaphukusi tochokera ku China pamtengo wozizira. Mu October 2018 boma la Donald Trump lidaopseza kuti lituluka m'bungwe la UPU.

Pofuna kupewa mpatuko, maiko adakumana ku Geneva mu September 2019 ndipo adagwirizana kuti America iyambe kudziikira yokha mitengo yolandirira timaphukusi kuyambira pa 1 July 2020. Maiko enanso adaloledwa kumakweza mitengo yawo pang'onopang'ono.

Mkanganowu udali wa akuluakulu okhaokha, koma timaphukusi tomwe ankakangana ndi tosaposa makilogalamu awiri. M'gulu limeneli ndi momwe mumagwera CD, kaseti ndi mbale ya galamafoni.

Chaka chomwecho cha 2020 mliri wa Covid-19 udaimitsa ndege zambiri zonyamula anthu. Popeza matumba a makalata amakwera ndege zomwezo, malo adachepa ndipo mtengo wonyamulira katundu mumlengalenga udakwera. Dziko lopanda doko ngati Malawi lidamva kuwawa kwambiri.

Misonkho pofika

Vuto lachiwiri lili kumene phukusi likupita. Kale maiko olemera sankalabadira katundu wotsika mtengo wobwera pa positi. Lero akumuwerengera.

Dziko la Britain lidachotsa mwayi wolowetsa katundu wosaposa mapaundi 15 popanda msonkho wa VAT pa 1 January 2021. Maiko a mu European Union adachita chimodzimodzi pa 1 July chaka chomwecho pochotsa mwayi womwe udalipo pa katundu wosaposa mayuro 22.

Izi zikutanthauza kuti munthu wa ku Germany kapena ku Ireland akagula CD imodzi yochokera ku Malawi, amayenera kulipira msonkho, ndipo nthawi zambiri positi ya kwawo imaonjezerapo kangachepe kolipirira ntchito yotolera msonkhowo.

Nkhonya yaikulu idagwa pa 29 August 2025 pomwe America idathetsa lamulo lolola katundu wogulitsa wosaposa madola 800 kulowa mopanda msonkho kuchokera kudziko lina lililonse. Malinga ndi bungwe la UPU, mabungwe a positi 88 adaimitsa kaye kutumiza katundu wina kapena yense ku America, ndipo patsikulo katundu wopita kumeneko pa positi adatsika ndi maperesenti oposa 80 poyerekeza ndi momwe zidalili sabata imodzi tsikulo lisadafike.

Nako ku South Africa, komwe kuli Amalawi ochuluka zedi, positi ili pamavuto. Bungwe la South African Post Office lidalowa m'ndondomeko yolipulumutsa ku ngongole mu July 2023 ndipo lidatseka nthambi zambiri ndi kuchotsa antchito zikwizikwi.

Kwacha nayo yaonda

Vuto lachitatu ndi la kuno kumudzi. Kampani za ndege ndi mapositi a kunja salandira kwacha. Amafuna ndalama zakunja.

Cha m'ma 2008, dola imodzi ya ku America inkasinthidwa ndi ndalama pafupifupi K140. Mu May 2022 banki ya Reserve idachepetsa mphamvu ya kwacha ndi maperesenti 25, ndipo mu November 2023 idachepetsanso ndi maperesenti 44, zomwe zidachititsa kuti dola ichoke pa K1 180 kufika pa K1 700.

Masamu ake ndi osavuta. Ntchito yomwe kunja amalipiritsa madola 10 inkadya K1 400 mu 2008. Kwacha isadagwe mu November 2023 inkadya K11 800, ndipo m'mawa mwake idafika pa K17 000. Apa ndiye kuti a kunjawo sadakwezeko ngakhale senti imodzi.

Mlimi wa pa Nsipe yemwe amapeza ndalama pogulitsa chimanga, nyemba kapena tomato salandira madola. Ndalama ya m'thumba mwake siikwera pa liwiro limene mtengo wotumizira katundu kunja ukukwerera.

Akulira ndani?

Oyamba kulira ndi oimba ang'onoang'ono ndi makwaya. Kwaya ya kumudzi imasonkherana, kuchita maganyu ndi kuitanitsa pepa sande kuti ipeze ndalama ya situdiyo. Ikajambula, msika wake woyamba ndi akhristu anzawo, ndipo wachiwiri ndi ana a mpingowo omwe ali m'matauni ndi kunja. A kunjawa ndiwo amatha kugula pamtengo wabwino. Njira yowafikira ikadula, kwaya imatsala ndi makatoni a zimbale m'nyumba ya msungichuma.

Achiwiri ndi oimba omwe nyimbo zawo zikutulutsidwa ndi makampani a kunja. Gulu la Madalitso Band la ku Lilongwe lidatulutsa zimbale za Wasalala mu 2019 ndi Musakayike mu 2022 kudzera kukampani ya Bongo Joe ya ku Geneva. Chimbale cha akaidi a kundende ya Zomba chomwe adajambula Ian Brennan chidafika posankhidwa kupikisana nawo pa mphoto ya Grammy mu 2016.

Kumaiko amenewo mbale za galamafoni zidabwereranso m'fashoni. Mu 2022 ku America mbalezi zidagulidwa zambiri kuposa ma CD, koyamba chichokereni 1987. Koma mbale ndi yaikulu, imalemera ndipo imafuna katoni yolimba kuti isasweke. Mtengo wotumizira ukakwera, wogula amaganiza kawiri, ndipo gawo la woimba limachepa.

Achitatu ndi Amalawi ofuna kugula nyimbo za dziko lawo lomwe. Katswiri wina wojambula nyimbo za makolo, Hugh Tracey, adayenda m'dziko muno mu 1950 ndi 1958 kujambula magule ndi nyimbo za m'midzi. Zomwe adajambulazo zikusungidwa ku International Library of African Music pa yunivesite ya Rhodes ku South Africa, ndipo zina zidatuluka pa CD ku Ulaya.

Mphunzitsi wa ku Ntcheu wofuna kuti ana a sukulu amve momwe agogo awo ankaimbira ayenera kupeza ndalama zakunja, kulipira mtengo wa chimbale, wa positi, mwinanso msonkho wa bungwe la MRA phukusilo likafika. Mawu a makolo athu asanduka katundu wodula woitanitsa kunja.

Kodi foni siidathetse vutoli?

Ena anganene kuti nkhaniyi ndi ya makedzana chifukwa masiku ano nyimbo zikuyenda pa foni. N'zoona kuti mwana ali ku Cape Town atha kumva nyimbo ya kwaya ya pa Nsipe tsiku lomwelo kudzera pa WhatsApp kapena YouTube. Kampani ya Spotify nayo idayamba kupezeka m'dziko muno mu 2021.

Koma funso ndi lakuti: walipira ndani? Nyimbo yotumizirana pa WhatsApp siibweretsa tambala kwa mwini wake. Makampani omvetsera nyimbo pa intaneti amalipira kagawo kochepetsetsa ka senti nyimbo ikamvedwa kamodzi, choncho woimba amafunika anthu miyandamiyanda kuti aone phindu.

M'misika ya m'mbali mwa msewu wa M1, anyamata a makompyuta amadzaza nyimbo mazanamazana m'kamemore khadi pamtengo wochepa. Bungwe loteteza eni luso la Cosoma, lomwe lidayamba ntchito mu 1992, limapereka ziphaso kwa ochita malondawa, ndipo lamulo latsopano la 2016 lidatsegula njira yotolera ndalama pa zipangizo zosungira nyimbo monga mafoni. Izi zathandizako, koma zimafikira okhawo amene adalembetsa kubungweli.

N'chifukwa chake chimbale chogwirika m'manja chikadali chofunika. Ndicho katundu yekhayo amene woimba angagulitse yekha, ndalama n'kuiona pompopompo.

Positi nayo ili pampanipani

Bungwe la MPC lidabadwa boma litagawa pawiri bungwe lakale la positi ndi lamya motsatira lamulo la 1998. Mbali ya lamya idapita ku MTL, ndipo positi idatsala yokha.

Chichokereni nthawiyo makasitomala ake akhala akuthawa. Makalata adalowedwa m'malo ndi mafoni. Ntchito yotumiza ndalama idalandidwa ndi Airtel Money, TNM Mpamba ndi makampani monga Mukuru. Katundu wopita ku Joni ambiri amangopatsira madalaivala a mabasi ndi anthu onyamula katundu.

Makasitomala akachepa, mtengo woyendetsera ntchito umagwera otsalawo. Mtengo ukakwera, enanso amathawa. Koma positi ikafooka, wovutika ndi munthu wa kumudzi, chifukwa makampani monga DHL ali m'mizinda ndipo mitengo yawo si ya munthu wamba.

Njira ya basi nayo ili ndi zake. Imathandiza kwa amene ali kumaiko monga South Africa, Zimbabwe kapena Zambia. Siifika ku London. Ndipo katundu akasowa panjira, kawirikawiri palibe lisiti loti munthu akadandaulire.

Chingachitike n'chiyani?

Amalawi sangasinthe malamulo a ku Washington kapena Brussels, koma pali zina zomwe angachite.

Choyamba, mutu umodzi susenza denga. Kutumiza CD imodziimodzi n'kodula kuposa kutumiza zambiri m'phukusi limodzi. Makwaya ndi oimba a dera limodzi atha kuphatikiza katundu wawo n'kutumiza kwa munthu mmodzi wodalirika kunjako kuti azigawa.

Chachiwiri, CD ya m'chikwama cha pepala imapepuka kuposa ya m'kabokosi ka pulasitiki, ndipo positi imalipiritsa potengera kulemera.

Chachitatu, wotumiza alembe zoona pafomu ya kasitomu. Kulemba kuti katundu wogulitsa ndi mphatso kungachititse kuti phukusi ligwidwe kapena libwezedwe, ndalama ya sitampa n'kupita pachabe. Ndi bwinonso kufunsa kaye ku positi ofesi ngati dziko lomwe katundu akupita likulandira maphukusi, komanso kudziwitsa wolandira kuti mwina akalipira msonkho.

Chachinayi, kwaya kapena woimba aliyense alembetse nyimbo zake ku Cosoma. Ndipo wachibale wa kunja yemwe walandira nyimbo pa foni akumbukire kuti situdiyo siidali yaulere. Njira yomwe amatumizira ndalama ya feteleza ndi yomweyo angatumizire mtengo wa chimbale.

Boma ndi bungwe la Macra, lomwe limayang'anira ntchito za positi, nawo ali ndi mbali yawo. Ngati dziko likufunadi kugulitsa katundu kunja kuti lipeze madola, amalonda ang'onoang'ono otumiza timaphukusi, kuphatikizapo oimba, osema ziboliboli ndi osoka, akufunika mitengo yoti angaifikire.

Pakadali pano, banja la pa Nsipe lofuna kusangalatsa mwana wawo ali kutali liyenera kuyamba lafunsa mtengo wa sitampa lisadagule chimbale.