Ndalama ya pafoni sitembenuza wodwala

Anzanga a mumsika, sabata yatha munapeza benchi langa lili pululu. Ndinali kwathu kwa Dzoole ku Dowa, kukazonda azakhali amene anafa ziwalo ndi sitiroko. Miyezi itatu yonseyi ine ndimangotumiza ndalama pafoni, mtima uli m'malo kuti udindo ndakwaniritsa. Kalanga ine!

Ndinawapeza ali chagada pamphasa, osadandaula. Koma kafungo kena kanandikayikitsa. Titawatembenuza ndi mlamu wanga, mayo ine, chilonda kumunsi kwa msana, chikuchucha. Pamudzi anali atayamba kale kulozana zala, ati alodzedwa.

Ayi abale, si ufiti. Inu a tomato mukudziwa: wophwanyika ndi wapansi pa dengu. Munthunso akagonera mbali imodzi nthawi yaitali, fupa limapanikiza khungu pamphasa, magazi osayenda, mnofu n'kuyamba kufa. Anatiuza choncho anamwino titathamangira kuchipatala.

Ndiye tsiku lililonse muzimuyang'ana wodwala wanu kumunsi kwa msana, m'chiuno, zidendene, zigongono, mapewa ndi kunkhongo. Pakhungu lathu lakudali musadikire kufiira. Mukaona malo oderapo kuposa pena, otentha, olimba kapena onyezimira, chilonda chayambika. Osapatikita, ndipo asagonerenso pamenepo.

Mankhwala aakulu ndi manja anu. Mutembenuzeni pa maola 2 alionse, usiku womwe. Ikani pilo kapena chitenje chopinda pakati pa mawondo, china kunsi kwa akatumba kuti zidendene zilendewere. Akadzinyowetsa, msambitseni, mpukuteni, sinthani zofunda. Pomusuntha nyamulani, osakoka.

Chilonda chikatseguka, tsukani ndi madzi owiritsa atazizira, lita imodzi masupuni aang'ono 2 a mchere, n'kuphimba ndi bandeji yoyera. Zothira phulusa, Colgate kapena ufa wa makapisozi, chonde lekani. Chikamanunkha, kutuluka mafinya, kuda bii, kapena thupi likatentha, musagone naye. Kuchipatala! Chilonda chotere chimafika pafupa, chimapha.

Adyenso bwino: mazira, usipa, nyemba, phala la soya lotsira nsinjiro, ndi madzi akumwa okwanira.

Ife tagawana masabata, poti chala chimodzi sichiswa nsabwe. Mlamu wanga uja anali yekha, usana kudimba, usiku kwa wodwala. Akanatha bwanji? Chilonda cha azakhali chayamba kuuma, koma manyazi anga sanaume.

Mukadzaonanso benchi langa lotseka, dziwani kuti yakwana sabata yanga.