Malire a Mau a Mphunzitsi Ali m'Malamulo

Pa 12 February 2011 mkulu wa apolisi m'dziko muno pa nthaŵiyo, a Peter Mukhito, adaitana a Blessings Chinsinga, mphunzitsi wa maphunziro a ndale pa Chancellor College ku Zomba, kuti akafotokoze zimene adanena m'kalasi. Pophunzitsa, iwo adapereka chitsanzo chakuti kusoŵa kwa mafuta a galimoto ndi ndalama zakunja kungathe kuutsa anthu monga momwe zidachitikira ku Tunisia ndi ku Egypt. Aphunzitsi anzawo adaleka kuloŵa m'makalasi, anayi adachotsedwa ntchito, sukulu idatsekedwa, ndipo mkanganowo udatha mu October pamene Pulezidenti Bingu wa Mutharika adalamula kuti anayiwo abwerere pa ntchito. Ana a eni adataya miyezi pafupifupi 8 chifukwa cha chitsanzo chimodzi.

Tikukumbutsa nkhaniyi chifukwa alipo akuluakulu ena amene mpaka lero amaganiza kuti mau akawaŵaŵa, ndiye kuti lamulo laphwanyidwa. Maganizo otere ngolakwika. Malamulo oyendetsera dziko lino a 1994, pa ndime 33, amateteza ufulu wophunzira ndi kuphunzitsa popanda choopa, ndipo ndime 35 imapatsa munthu aliyense ufulu wolankhula zakukhosi. Nzoona kuti ufulu uli ndi malire. Koma ndime 44 imanena kuti malirewo ayenera kukhala olembedwa m'lamulo, oyenera, ogwirizana ndi mapangano a maiko pa za ufulu wa anthu, ndiponso ofunikadi m'dziko la demokalase. Mkwiyo wa bwana sulipo pa mndandanda umenewu.

Ophunzira nawonso asatimve molakwa. Kuopseza mnzako, kutuma gulu kuti likatenthe nyumba, kapena kuipitsa mbiri ya munthu ndi bodza, zonsezi zili ndi bwalo lake la milandu, ndipo chipata cha yunivesite sichibisa wolakwa. Kukuŵiza mlendo amene waitanidwa kudzalankhula mpaka atakhala pansi ndiko kulanda ena ufulu womwewo umene ukuufuna iwe. Sukulu ili ndi mphamvu yonena kuti msonkhano uchitikire pati ndiponso nthaŵi yanji, kuti maphunziro asasokonezeke. Chimene siingachite ndicho kusankha maganizo oti amveke. Ku America khothi lalikulu lidasiyanitsa ziŵirizi mu 1972 pa mlandu wa Healy ndi James: koleji ya boma siingakane bungwe la ophunzira chifukwa chodana ndi maganizo ake, komabe ingathe kulilamula kutsata malamulo a pasukulu.

Aŵerengi achikulire akudziŵa kumene njira inayo imathera. Mu 1987 a Jack Mapanje, amene adali mkulu wa chigawo cha Chingerezi pa koleji yomweyo, adatengedwa ndi apolisi nakakhala ku ndende ya Mikuyu kufikira 1991 popanda kuonekera ku khothi. Otsala adaphunzira kuyamba ayang'ana kukhomo asanayankhe funso la mwana. Ndipo nchifukwa chake mu 2011 aphunzitsi adakakamira pa mfundo iyi: asamatumizidwe akazitape m'kalasi. Mphunzitsi aliyense, ngakhale wa ku pulaimale, akudziŵa kuti phunziro siliyenda ngati ukukayika kuti mmodzi mwa ana ako akulemba mau ako kuti akawatule kwina.

Kotero tikupempha makhonsolo a mayunivesite kuti malamulo a kalankhulidwe awalembe momveka ndi kuwapereka kwa wophunzira aliyense pa tsiku loyamba. Dandaulo lokhudza zimene zanenedwa m'kalasi liyambe lamvedwa ndi komiti ya aphunzitsi, wodandaulidwayo ali pomwepo, ndipo apolisi aloŵerepo pokhapokha ngati pali ndime ya lamulo imene angathe kuitchula pamaso pa woweruza.