Kodi magazi yangaonetse depression?

Malaria muiziba mwamene bamaipimila: kulasa kachala, kadontho ka magazi, mphindi 15 result yachoka. Manje nanga depression, matenda yamene yamalanda muntu tulo, njala na chimwemwe? Pa komboni ukakamba ati mutu walema, bakuuza ati ni ulesi, olo ati bakuloza. Popeza palibe pepala yochokela ku lab, bambili sibakhulupilila.

Basayansi bali kusakila pepala yamene iyo. Mumagazi yanu muli ma cell yoyela, masoja ya thupi. Mukati mwake muli ma gene, ndipo gene ikayamba kusebenza imatuma uthenga wochedwa RNA. Ukapima RNA, uona gene yamene yasebenza maningi na yamene yagona.

Mu 2014, Eva Redei na banzake pa Northwestern University ku Chicago banapima magazi ya bantu 32 bodwala depression na bena 32 bosadwala. Banapeza mitundu 9 ya RNA yosiyana pakati pa magulu yabili aya. Bodwala banachita therapy yokambisana kwa masabata 18, ndipo kuli bamene banapola, RNA ina inasintha. Mu 2016 ku King's College London banaona chinangu: bodwala bamene ma gene yabili ya kutupa mthupi yanali kusebenza maningi, mankhwala ya depression yozibika siyanabathandize bwino. Nkhani ni yakuti matenda aya yasiya mapazi mthupi. Si maseŵela.

Koma osathamanga. Bantu 64 ni basi imozi chabe yoyenda ku Chipata. Fodya, moba na chimfine navo vimasintha RNA. Ndiye chifukwa test iyi ikalibe kufika pa kiliniki, ikali m'manja mwa bofufuza. Wina akakuuzani pa WhatsApp ati apima depression na magazi, sungani kwacha yanu.

Lelo ba dokotala bamaipeza na mafunso: mugona bwanji, mudya bwanji, vamene munali kukonda vikali kukukondweletsani? Bakatenga magazi, bafuna kuona ngati si kuchepa kwa magazi olo thyroid yamene ikulemetsani.

Ngati papita masabata yabili mutima uli chabe pansi, osayembekeza basayansi. Yendani ku kiliniki, bangakutumizeni na ku Chainama. Maganizo yozipha yakabwela, tumani 933 ku Lifeline pamene apo, ni mahala. Ndipo munzanu akakamba ati walema mumutu, osamufunsa pepala. Nkhalani naye pansi, mumvele.