Kabuku ka malonda kalembedwe m'Chichewa

Kuyambira m'chaka cha 2010, amalonda ang'onoang'ono odutsa pachipata cha Mchinji ali ndi mwayi wolowetsa katundu wina kuchokera ku Zambia osalipira msonkho wa kasitomu. Iyi ndi ndondomeko ya Comesa yotchedwa Simplified Trade Regime. Koma ndi amayi angati a geni amene akuidziwa bwino?

Ena akuzemberabe m'njira zakutchire, komwe amalandidwa katundu kapena kudyeredwa ndi madobadoba, chonsecho katunduyo mwina ali pamndandanda wa zosalipiritsa. Vuto n'lakuti malamulowa amakhala m'zikalata za Chingerezi cha maloya.

Apa mpamene kabuku ka malangizo kangathandize. Katchule katundu amene ali pamndandanda, fomu yofunika kulemba komanso ofesi yokafunsa. Kanenenso chilungamo kuti kukhululukidwa msonkho wa kasitomu sikutanthauza kuti VAT nayo yachoka, pakuti wosadziwa izi amangoona ngati akumubera.

Tikupempha unduna wa zamalonda ndi bungwe la MRA kuti alembe kabuku kotere m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, kokwana m'kachikwama. Akakagawire m'misika ndi m'madepoti a basi, osati m'mahotela mochitikira misonkhano.