Kulera ana a mpira: phindu kapena kutaya ndalama?

Nyengo ya mpira ikamayandikira, akuluakulu a matimu ang'onoang'ono m'maboma a Cuamba, Mandimba ndi Ngauma amakumana ndi funso lomwe lija la chaka ndi chaka. Kodi kandalama kamene asonkha kwa eni masitolo ndi kwa ochemerera kathere konse pa timu yaikulu, kapena kena apatule kuti alerere ana a zaka 12 mpaka 17? Ena amati m'mera mpoyamba. Ena amati mwana ukamulera n'kuyamba kuthyola zigoli amatengedwa ulele ndi matimu a ku Nampula kapena ku Maputo, iwe n'kutsala ndi ngongole. Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo, choncho ndi bwino tiione nkhaniyi modekha.

Amene amafuna sukulu ya mpira amaloza chala ku Associação Black Bulls ya ku Tchumene, mumzinda wa Matola. Kalabuyi inayamba ndi kulera ana, kenaka inakwera mu Moçambola ndi kutenga chikho mu 2021, chaka chake choyamba mu ligi, ndipo inachitenganso mu 2024. Geny Catamo anadzera kumeneko asanapite ku Amora ndi ku Sporting m'dziko la Portugal, komwe anapambana ligi mu 2024 ndi mu 2025. Zonsezi ndi zoona. Koma tisaiwale kuti kumbuyo kwa Black Bulls kuli banja la a Lalgy, eni kampani yaikulu ya magalimoto onyamula katundu, amene anatha kumanga mabwalo ndi kulipira aphunzitsi kwa zaka zambiri phindu lisanaoneke. Timu ya ku Mandimba yomwe imapemphetsa ndalama ya chapa sabata iliyonse siingayende njira imeneyo, ndipo ikayesa kutsanzira idzagwa chaka chisanathe.

Tikabwerera kwathu kuno ku Niassa tikuona phunziro lina. Desportivo de Niassa inasewera mu Moçambola mu 2016 n'kutsika chaka chomwecho. Timu ya Universidade Pedagógica ya ku Lichinga inachitanso chimodzimodzi mu 2017. Ferroviário de Lichinga, imene inayamba kusewera mu ligi yaikulu mu 2021, inakhazikikako, ndipo aliyense akudziwa kuti matimu a Ferroviário amatsamira pa kampani ya njanji ya CFM. Mpira wa pamwamba umadya ndalama zambiri m'malipiro a osewera ndi m'maulendo a pandege. Choncho timu yaing'ono imene ikuthira chuma chake chonse pogula osewera akunja kuti ikwere msanga iyenera kudzifunsa kuti ikakwera idzakhalitsa ndi chiyani.

Nanga kulera ana kumadya chiyani? Pamafunika mipira, mayunifolomu, nsapato, mankhwala a ovulala, kachakudya tsiku la masewero ndi kangachepe ka mphunzitsi. Koma chimene chimapsereza thumba kwenikweni ndi ulendo. Kuchoka ku Cuamba kukafika ku Lichinga ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 300, ndipo Mandimba ili chapakati. Msewu wa N13 tsopano ndi wa phula, zomwe zachepetsa mavuto a nthawi ya dzinja, koma phula silitsitsa mtengo wa mafuta. Pamwamba pa izi, timu ikati imange nyumba yogonamo ana ochokera kumidzi ya kutali, yadzisenzetsa udindo wa kholo: kuwadyetsa katatu patsiku, kuwalipirira za kusukulu ndi kuwasamala akadwala malungo. Apa ndiye pamene ndalama imaposa mphamvu za kalabu yaing'ono.

Mbali ya phindu ndi imene akuluakulu ambiri a matimu saidziwa bwino. Kuyambira mu 2001, malamulo a bungwe la FIFA amapereka njira ziwiri zobwezera thukuta la kalabu yolera mwana. Yoyamba ndi chipukutamisozi cha maphunziro, chomwe kalabu ya kunja imalipira kwa amene anaphunzitsa wosewerayo pakati pa zaka 12 ndi 21, pamene iye wasaina kontalakiti yake yoyamba kapena wasamukira kudziko lina asanapitirire zaka 23. Yachiwiri ndi yakuti wosewera akagulitsidwa kuchoka dziko lina kupita lina, magawo 5 pa 100 alionse a mtengo wake amagawidwa kwa makalabu onse amene anamusunga kuyambira zaka 12 mpaka 23.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Kalabu imene yasunga mwana zaka zinayi zoyamba, kuyambira 12 mpaka 15, imalandira gawo limodzi pa 100 la mtengo wonse. Mwanayo atadzagulitsidwa pa mayuro 1 miliyoni, kalabu yake ya kumudzi ikhoza kulandira mayuro 10,000, omwe ndi pafupifupi meticais 700,000, ndipo imalandiranso nthawi iliyonse akagulitsidwa mwa njira yotere. Ku Cuamba imeneyi ndi ndalama yooneka. Komabe kunena chilungamo, mwa ana ochuluka amene amathamangitsa chikulunga m'mabairro athu, ofika ku Ulaya ndi owerengeka kwambiri. Timu imene ikuyambitsa sukulu ya mpira poyembekeza kudzagulitsa Geny wachiwiri ikufanana ndi mlimi wokongola feteleza podalira mtengo wa fodya umene sanaumve.

Chinanso, ndalamazi sizitsata mbiri ya pakamwa. Kuyambira mu Novembala 2022, FIFA imalipira kudzera mu ofesi yake yapadera ya ku Paris, potsata kaundula wa pakompyuta wosonyeza kalabu iliyonse imene wosewera analembetsedwako. Mwana amene sanalembetsedwe ku Federação Moçambicana de Futebol kudzera ku bungwe la mpira la chigawo amaoneka ngati sanaleredwe ndi wina aliyense. Kuti alembetsedwe pamafunika cédula kapena bilhete yosonyeza zaka zake zenizeni, ndipo kalabu iyenera kukhala yovomerezeka ndi lamulo komanso yokhala ndi akaunti ku banki. Amene amadandaula kuti analandidwa mwana ulele ayambe adzifunsa ngati anali ndi pepala lililonse m'manja. Kuchepetsa zaka za mwana kuti timu ipambane kachikho ka pabwalo la sukulu kumaononganso kaundula yemweyo.

Anzathu a ku Mandimba ali ndi nkhani yawoyawo, poti malire a Chiponde ali pakhomo ndipo abale ali mbali zonse ziwiri. FIFA imaletsa kusamutsa mwana wosakwana zaka 18 kupita ku kalabu ya dziko lina, koma imalola ngati kwawo kwa mwanayo ndi kalabuyo zonse zili mkati mwa makilomita 50 kuchokera pamalire, mwanayo akugonabe kwa makolo ake, ndipo mabungwe a mpira a maiko awiriwo avomereza. Mwana akangowoloka popanda dongosololi, kalabu imene inamulera imataya umboni wake.

Poona zonsezi, yankho likuoneka kuti lili pakati. Sukulu ya mpira yogonera komweko siyoyenera matimu a maboma athu pakadali pano. Koma timu ya ana ogona kwawo, opita kusukulu m'mawa ndi kubwera pabwalo masana, osewera ndi anzawo a m'boma lomwelo kuti ulendo uchepe, ndi yotheka ngakhale ku Massangulo. Phindu lake loyamba si ndalama ya ku Ulaya ayi, koma kuti pakatha zaka zinayi kapena zisanu timu yaikulu imakhala ndi osewera a pamudzi pomwepo, osafuna nyumba ya lendi, amenenso makolo ndi anansi awo amabwera kudzawaonerera ndi kulipira pakhomo.

Makhonsolo a Cuamba ndi Mandimba angathandize posamalira mabwalo ndi kuwateteza kwa ofuna kumangapo nyumba, pamene bungwe la mpira la chigawo lingapepukitse ntchito yolembetsa ana potumiza anthu ake m'maboma mmalo modikira kuti aliyense akwere chapa kupita ku Lichinga. Kwa akuluakulu a matimu, ntchito yoyamba nyengo ino isanayambe ndi kuona kuti mwana aliyense wovala yunifolomu yawo ali ndi cédula ndipo dzina lake lalowa m'kaundula.